Kumalire a Nkhalango ya Kaning'ina

Mzinda wa Mzuzu umadzuka ndi mbalame. Tambala akangomaliza mbali yake, pumbwa amalandira m'mitengo ya mapeyala, ndipo pamene anthu akutuluka mu mzikiti m'bandakucha, chifunga chisanachoke m'misewu, akhwangwala amakhala ali kale pa ulendo wa ku msika waukulu kukayendera zimene ogulitsa anataya dzulo lake. Ife takhala tikumva phokoso limeneli kwa zaka zingapo tsopano, ndipo tinkaganiza kuti kumene kuli phokoso lotere ndiye kuti mbalame zili pa mtendere. Amene anatichititsa kuti tiganizenso bwino ndi mwana wa zaka 12.

Tsiku lina masana, ana ali pakati pa kuwerenga ku madrasa, tinaona kuti mnyamata wina akungogwiragwira thumba la mkanjo wake. Titamuuza kuti atulutse zimene zinali m'menemo, munatuluka legeni, miyala itatu ndi choso wakufa, kambalame ka mlomo wautali wopindika kaja kamene kamayamwa timadzi ta m'maluwa. Nyama yake sikanakwana ngakhale mbamu imodzi ya nsima. Tinamufunsa kumene anakapha, iye nati ndi kumalire a nkhalango, kumene amayi ake amakatola nkhuni. Pofuna kudziteteza anawonjezera kuti: "A Mwalimu, kumeneko mbalame n'zambirimbiri kuposa m'kati mwa nkhalango mwenimwenimo. Sizingathe ayi."

Tikanatha kungomulanda legeniyo nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwanayo ananena chinthu chimene anachiona ndi maso ake, ndipo mphunzitsi amene amatsutsa mwana popanda umboni amangomuphunzitsa kubisa. Choncho tinapempha chilolezo kwa makolo ndiponso kwa a za nkhalango, tinabwereka magalasi oonera patali kwa mnzathu wina, ndipo Lamulungu lina m'mwezi wa Seputembala tinanyamuka ndi ana khumi kulunjika chakummawa kwa mzinda, kumene kuli nkhalango ya Kaning'ina. Anatiperekeza bambo wina wachikulire amene wagwira ntchito ya ulonda wa nkhalango kwa nthawi yaitali.

Kwa abale athu a ku Mangochi, ku Machinga ndi kwina amene simunafikeko kuno, mudziwe kuti Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzuloli. Unayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati munda wa mitengo ya tung, imene njere zake amayengera mafuta opangira penti, ndipo mundawo unali m'manja mwa bungwe la Colonial Development Corporation. Unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa mu 1977 munali anthu pafupifupi 16,000, koma pa kalembera wa mu 2018 anapezeka oposa 220,000. Anthu onsewa amafuna malo omangapo, njerwa zootcha, milimo ya denga, ndiponso moto wophikira tsiku ndi tsiku. Madera ngati Mchengautuwa, Zolozolo, Chibavi, Masasa ndi Ching'ambo akhala akufutukuka chaka ndi chaka, kukwera zitunda ndi kutsikira m'madambo, mpaka nyumba zina zinafika poyang'anizana ndi mitengo ya nkhalango zotetezedwa za Lunyangwa ndi Kaning'ina. M'mawa umenewo tinadutsa mizere ya nyumba zatsopano, zina zopanda mazenera, kenaka timinda ta chinangwa ndi mbatata, kenaka tchire lopsa, ndipo pamene dzuwa linkatuluka tinaima pamalire.

Kunena zoona, mnyamata uja sananame. Pamalirepo panali chisangalalo cha mbalame. Apumbwa anali m'zitsamba zonse, njiwa zinkayenda pansi m'munda wokolola kale, mpheta zinkauluka m'magulumagulu kuchoka pa udzu wina kupita pa wina, timba ankalira pa phesi la chimanga, atchete anali kalikiliki pa mtengo wa m'mbali mwa khwawa, ndipo kumwamba kabawi ankazungulira kuyang'ana anapiye a m'makomo. Pa mtengo wouma panatera akhwangwala awiri. Mtsikana amene tinamupatsa kope ndi pensulo analemba mitundu yoposa khumi tisanasunthe phazi. Mwini legeni uja anatiyang'ana ndi nkhope ya munthu amene wawina mlandu, ndipo tivomere pano kuti nafenso mumtima tinayamba kumuvomereza.

Bambo mlonda aja sanatsutse. Anatenga kope lija, naliwerenga pang'onopang'ono, kenaka anafunsa kuti: "Ana inu, mwa mbalame zonse mwalembazi, ndi iti imene simunaionepo pakhomo pa amayi anu?"

Panali zii. Panalibe ndi imodzi yomwe. Zonse zinali mbalame za kumudzi ndi za m'tauni, zimene zimadya chilichonse, zimamanga zisa paliponse, ndipo siziopa utsi, galu kapena wailesi. Tinayenda ulendo wonsewo kudzaona alendo amene tinawasiya kunyumba.

Tsono tinalowa m'kati. Mphindi zoyambirira sitinaone kusiyana kwenikweni, chifukwa ngakhale tinali titadutsa malire a boma, dzuwa linkatiwombabe pamutu. Mitengo ikuluikulu inali itapita, patangotsala zitsa, zina zakale zakuda ndi moto, zina zatsopano zikuchucha utomoni. Tinjira tinali mbali zonse ngati mitsempha ya pa tsamba. Pena tinapeza dothi lofiira lokumbidwa ndi phulusa, chizindikiro chakuti panali uvuni wa makala. Mitengo ya masuku yokha ndiyo inasiyidwa apa ndi apo kaamba ka zipatso zake. Tinakumana ndi amayi atatu atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni. "Monire mama," anatero bambo aja m'Chitumbuka, amayiwo nayankha mwaulemu koma akufulumiza mapazi, pakuti yunifolomu ya mlonda siikondweretsa munthu amene wasenza mtolo. Mmodzi mwa ana athu anawerama osafuna kuonedwa. Tinamva pambuyo pake kuti mmodzi mwa amayiwo anali azakhali ake.

Titayenda kwa nthawi ndithu, zinthu zinayamba kusintha, ndipo amene anayamba kuzindikira ndi khungu lathu, osati maso. Mphepo inaleka. Kunayamba kuzizira. Masamba a pansi, amene kumalire ankaphwanyika ngati mapepala, kuno anali ofewa ndi a chinyontho. Mitengo ya mombo inali itavala masamba ake atsopano ofiira ndi ofiirira, monga imachitira mvula isanabwere, ndipo m'nthambi zake munkalendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Kumunsi, kumene kunkayenda kamtsinje, kunali mitengo ya katope ndi ina yobiriwira chaka chonse, yolukana ndi zilambe, mwakuti pansi pake panali mdima ngati madzulo.

Chodabwitsa n'chakuti kuno kunali chete. Ana anayamba kudandaula kuti tawalowetsa kopanda mbalame. Bambo aja anatikhazika pansi natiletsa kulankhula. Patapita nthawi tinamva kulira kokhakhala kuchokera pamwamba, ndipo mbalame yobiriwira ya chitsumba pamutu inathamanga pa nthambi ngati gologolo. Itatambasula mapiko kuti iwolokere pa mtengo wina, tonse tinaona kufiira kwa nthenga zake ngati nsalu yatsopano. Imeneyo inali nkhulukulu. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anali ataionapo, chikhalirecho onsewo anabadwira mu Mzuzu momwemuno. Itapita kunakhalanso chete, kenaka mwadzidzidzi mitengo yonse yotizungulira inadzaza ndi timbalame ta mitundu yosiyanasiyana tikuyendera limodzi, ena pa makungwa, ena kunsi kwa masamba, gogomole akugogoda thunthu, nthengu ali pambali kudikira tizilombo timene anzake avumbulutsa. Sipanathe mphindi zisanu gulu lonse linali litadutsa. Umu ndi m'mene mbalame za m'nkhalango ya miombo zimasakira chakudya, ndipo munthu wopupuluma akhoza kuyenda tsiku lonse n'kubwerera akunena kuti mulibe kanthu.

Bambo aja anatiuzanso za zina zimene sitinazione tsikulo koma iwo amazidziwa malo ake. Ina ndi ya msana wobiriwira ndi mimba yofiira, imene mabuku a mbalame amaitcha Narina trogon. Imakhala duu pa nthambi ya mu mthunzi itafulatira munthu, kotero kuti ukhoza kuidutsa osaizindikira, ndipo imaikira mazira m'mphako za mitengo yakale. Mbalame yotere ukaidulira mitengo yakale sikhala ndi poikira, ndipo siingasamukire pa mtengo wa peyala wa pakhomo monga achitira pumbwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ife timaganiza kuti malire a nkhalango ndi mzere umene a boma anajambula pa mapu, kuti kuno ndi munda, uko ndi nkhalango. Koma kwa mbalame malire ndi chigawo chachikulu chimene chimalowa m'kati. Dzuwa ndi mphepo zimalowera cham'mbali n'kuumitsa nthaka ndi masamba, tizilombo ta m'chinyontho timene mbalame zina zimadya n'kutha. Moto wa m'minda ndi wa osaka mbewa umalowera komweko. Zomera zachilendo ngati lantana zimamera pamene pawala, ndipo pumbwa yemweyo ndiye amafesa njere zake akadya zipatso. Agalu, amphaka ndi makoswe a m'makomo amayendera zisa za pansi usiku, akhwangwala namayendera za m'mwamba masana. Pamwamba pa zonsezi pali legeni ndi ulimbo.

Akatswiri anayeza zimenezi ku Brazil, m'nkhalango ya Amazon kufupi ndi mzinda wa Manaus, pa kafukufuku amene anayambitsidwa ndi Thomas Lovejoy mu 1979. Kumeneko alimi a ng'ombe ankagwetsa nkhalango, ndipo akatswiriwo anawapempha kuti azisiya zigawo za hekitala imodzi, mahekitala 10 ndi mahekitala 100 kuti aone chimene chichitike m'menemo. Anapeza kuti mitengo imafa kwambiri m'kati mwa mamita 100 kuchokera kumalire, ndipo mphepo imatha kugwetsa mitengo ngakhale pa mamita 300. Mbalame zimene zinayamba kusowa ndi za mu mthunzi zodya tizilombo, makamaka zija zimatsatira linthumbwi kuti zizitola tizilombo tothawa. Zambiri mwa izo zimakana kuwoloka malo oyera ngakhale aang'ono ngati msewu. Kafukufuku wina wa mu 2015 anapeza kuti mwa nkhalango zonse zotsala pa dziko lapansi, magawo 70 mwa 100 alionse ali pa mtunda wosapitirira kilomita imodzi kuchokera kumalire.

Pofuna kuti ana amvetse, tinasesa pansi ndi kujambula ndi kamtengo. Tinati tiyerekeze nkhalango ya kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi. Amenewo ndi mahekitala 100. Ngati mphamvu ya malire ilowa mamita 100 mbali zonse zinayi, mtima wa nkhalango umene watsala ndi mamita 800 kuchulukitsa ndi 800, kutanthauza mahekitala 64. Tsopano tilambule njira ziwiri zopingasana pakati pake zodutsa ngolo kapena lole. Mitengo imene tadula ndi yochepa, ndipo wodutsa pa msewu adzati nkhalango ikadalipo yonse. Koma tsopano tili ndi zigawo zinayi za mamita 500, chilichonse mtima wake ndi mamita 300 kuchulukitsa ndi 300, mahekitala 9 basi. Zonse pamodzi ndi mahekitala 36. Ndipo nkhalango yopyapyala ya mamita 200 m'lifupi, ngakhale italika kuchoka kuno kukafika ku Ekwendeni, ilibe mtima n'komwe. Mtsikana wa kope uja ndiye anamaliza phunzirolo. Anati: "Ndiye zili ngati nsima, a Mwalimu. Mtanda waukulu umakhala wotentha m'kati, koma mukaugawagawira ana umazizira wonse." Ife tinali titakonzekera chitsanzo china cha m'buku, koma tinachisiya.

Mwina wina adzafunsa kuti kodi zimenezi n'za malo a mvula okhaokha ngati kuno. Ayi. Ngakhale m'chipululu, kumene munthu angaganize kuti kulibe malire poti konse ndi mchenga ndi miyala, nkhani ndi yomweyi, kungoti imabwera chotembenuka. Kuno malire amabweretsa kuuma m'malo a chinyontho, pamene m'chipululu tauni, msewu ndi munda wothirira zimabweretsa madzi, zinyalala ndi mapolo a magetsi m'malo amene munalibe. Ku America kuli chipululu cha Mojave. Mu 2018 akatswiri awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Kelly Iknayan ndi Steven Beissinger, anafalitsa zimene anapeza atabwerera ku malo amene anzawo anawerengako mbalame kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anapeza kuti malo alionse anali atataya pafupifupi mitundu 43 mwa 100 iliyonse, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa mvula, ndipo malo okhala ndi kasupe kapena kamtsinje ndiwo anataya yocheperapo. Mwa mbalame zonsezo, imene inachuluka moonekeratu ndi imodzi yokha: khwangwala wakuda wa kumeneko, msuweni wake wa wathu wa pa msika wa Mzuzu. Iye amadya kumtaya ndi nyama zogundidwa pa msewu, amamanga chisa pa polo ya magetsi, ndipo akakhuta amalowa m'chipululu kukadya mazira a mbalame zina ndi ana a kamba. Titawafotokozera ana zimenezi, onse anatembenukira kumene tinasiya akhwangwala awiri aja.

Anthu a m'chipululu cha Arabia anadziwa kale kuti malo obiriwira ochepa amene ali nawo amatha msanga ngati aliyense alowamo mwakufuna kwake. N'chifukwa chake anali ndi dongosolo lotchedwa hima, malo opatulidwa amene kudula mitengo kapena kudyetsa ziweto kumaletsedwa, kapena kumaloledwa pa nyengo yake yokha. Mtumiki (SAW) anapatula malo a Naqi' kufupi ndi Madina, ndipo Khalifa Umar anapatula Rabadha. Mu 2004 anthu a m'mudzi wa Ebel es-Saqi ku Lebanon anadzutsanso dongosolo limeneli pofuna kuteteza malo amene mbalame zosamuka zimadutsapo. Chimene chinatikopa pa nkhaniyi n'chakuti oyang'anira ndi eni mudzi okhala pamalire pomwepo, osati munthu wochokera kutali.

Tibwerere kwathu kuno. Pali maganizo ofala akuti tikadula mitengo yachilengedwe n'kubzala paini kapena bulugama ndiye kuti tabweza ngongole. Amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzimba akudziwa nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene mbali yaikulu inabzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. Matabwa ake amanga nyumba zambiri m'dziko muno, ndipo sitikunyoza. Koma lowani pansi pa paini wokhwima mumvetsere. Mulibe zipatso, mulibe maluwa, mulibe mphako, ndipo mbalame zake n'zowerengeka. Komanso mbali ina ya malo amenewo kale inali udzu wa m'mapiri, kwawo kwa namzeze wina wa mtundu wa buluu ndi mchira wautali, amene amamanga chisa m'maenje a pansi ndipo nyengo yozizira amakaithera kufupi ndi nyanja ya Victoria. Kwa mbalame imeneyo mtengo ndiwo mdani, ndipo malo ake aakulu otsala m'dziko muno ndi ku Nyika. Choncho si kubiriwira kulikonse kumene kuli kwawo kwa mbalame iliyonse.

Mukatsika msewu wa ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu Mzuzu, mumapeza tinkhalango ting'onoting'ono ta Kalwe ndi Mkuwazi, totsalira ta nkhalango yaikulu imene inali m'mbali mwa nyanja minda ya chinangwa, tiyi ndi mphira isanafike. M'menemo mumakhala kambalame ka chifuwa chofiirira kotchedwa East Coast akalat, kamene kamapezeka m'malo ochepa kwambiri mu Africa. Mtundu wake wa kuno unapatsidwa dzina lokumbukira C. W. Benson, amene pamodzi ndi mkazi wake analemba buku la mbalame za m'Malawi mu 1977. Kambalameka kamakhala pansi mu mthunzi, ndipo tinkhalango take n'tating'ono mwakuti masamu athu a pa dothi aja akukakhudza mwachindunji. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma yambiri mwa imene ili pa ngozi ndi ya mtundu umenewu, yosaoneka ndi yosamveka kwa munthu wodutsa pa msewu, kotero kuti ikatha palibe amene amalira maliro.

Pamene tinkadya mbatata zathu pafupi ndi kamtsinje kaja, bambo mlonda anatifunsa ngati ana a masiku ano amamudziwa nsadzu. Awiri okha ndiwo anali atamvapo kwa agogo awo. Nsadzu ndi mbalame ija imaitana munthu ndi kumutsogolera kumene kuli njuchi, kuti munthuyo akafula uchi iyo idye phula. Abale athu achiyao a ku Niassa m'dziko la Mozambique amaitcha sego, ndipo ali ndi kaitanidwe kawokawo kamene mbalameyi imakazindikira. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake wa mu 2016 anaonetsa kuti alenje a uchi akaitana motero, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 mwa maulendo 100 alionse. Ubale wotere umafuna mitengo ikuluikulu ya mphako yokhalamo njuchi, ndipo mitengo imeneyo ndi yomweyo imene wootcha makala amayamba kuiloza.

Tsono apa tisathamangire kuloza chala amayi a mtolo aja kapena anyamata amene amakankha njinga za matumba atatu usiku wonse kukwera zitunda za Mzuzu. Iwo amadula chifukwa ife timagula. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo nyumba ya mphunzitsi amene akulemba nkhaniyi ili m'gulu lomwelo. Lamulo la za nkhalango la mu 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake zinawonjezeredwa. Ku Lilongwe zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama. Koma mbaula ikafuna moto madzulo siwerenga lamulo. Ndipo amene saona chifukwa chodandaulira kambalame aganizire za mpopi wake: madzi amene timamwa mu mzinda muno amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo mitsinje yodzaza damulo imachokera m'nkhalango yomweyi. Mitengo ikachoka m'zitunda, dothi limatsikira m'damu ndipo mvula imathamanga m'malo molowa pansi. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira m'mene mvula inagwetsera nyumba m'madera angapo a mzinda uno.

Bambo aja, amene aona zambiri, sanalankhule ngati munthu wotaya mtima. Anationetsa chitsa cha mombo chimene chinali ndi mphukira zisanu ndi imodzi zofika m'chiuno. Anati mitengo ya miombo siifuna kubzalidwa, mizu yake ikadali ndi moyo pansi, ndipo chimene imapempha ndi zaka zingapo zopanda nkhwangwa ndi zopanda moto wa mu Okutobala. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pamwamba, pamene wa m'chilimwe umapha mphukira zonse. Anatinso akanakhala ndi mphamvu sakanayamba ndi kugwira anthu, koma ndi kutseka tinjira tambirimbiri tija kuti patsale ziwiri kapena zitatu zodziwika, ndi kulola anthu a pamalire kupachika ming'oma ya njuchi m'mitengo ya m'mphepete, popeza mwini mng'oma salola mnzake kuyatsa moto kapena kugwetsa mtengo pafupi ndi uchi wake. Bulugama ndi paini, anatero, malo ake ndi kunja kwa malire, m'minda ndi m'masukulu, kuti nkhuni ndi milimo zizichokera kumeneko. Ife tikuona kuti mawu amenewa ndi anzeru kuposa mwambo wathu wobzala mbande mu Januwale pamaso pa alendo olemekezeka, mbande zimene pofika Ogasiti mbuzi zimakhala zitamaliza.

Tinatuluka m'nkhalango dzuwa litapendeka. Pamalire paja phokoso linali lomwe lija, apumbwa, mpheta ndi atchete, ndipo akhwangwala tsopano anali asanu. Mnyamata wa legeni uja anali chete njira yonse, koma titafika pa tchire lopsa anathamangira kwa mlonda nafunsa kuti: "Agogo, nanga ndikamalasa akhwangwala okhaokha, pamenepo ndalakwanso?"

Bambo aja anaseka mpaka kutsokomola. "Mdzukulu wanga, sunamve kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba? Udzatha miyala yonse ya mu Mzuzu usanagwetse mmodzi. Ukafuna kuti achepe, kawauze amayi ako azikwirira kudzala."

Tinawasiya pa mphambano, ana atawalonjeza kuti adzabweranso mvula ikayamba, nthawi imene mbalame ya mimba yofiira ija imalira. Legeniyo ikadali m'kabati ya ku madrasa, ndipo mwini wake sanabwere kudzaipempha, ngakhale anzake akuti ali ndi ina kunyumba. Titafika pakhomo tinapeza tiyi ali pa mbaula, ndi thumba latsopano la makala litatsamira khoma la khitchini. Tinatola khala limodzi lalikulu ndi kulitembenuza. Makungwa ake ankaonekabe bwinobwino, ndipo unali mombo.